TIYENI TIPANGE HELIKOPITA YA ASILIKALI PA SIKELO YA 1:50

Anzanga a Fomu 1 mpaka Fomu 4, taimani kaye pa bolodi pano belu lisanalire.

Teremu yatha ndinapanga helikopita ya mawaya ndi botolo, ndipo ndinkaiona ngati yabwino kwambiri. Nditapita nayo kwa amalume ku Nathenje, iwo anaizunguza kawiri n'kundifunsa kuti, "Mphwanga, kodi ameneyu ndi tombolombo kapena nkhuku yosola nthenga?" Anthu onse pakhonde anaseka. Zinandiwawa, koma amalume sananame. Mapiko ake anali aafupi kuposa thupi, matayala anali aakulu ngati a ngolo. Ndinapanga mongoyerekeza ndi maso, osayeza chilichonse. Teremu yomweyo mafunso a ratio pa mayeso a masamu anandigwetsa. Pambuyo pake ndinazindikira kuti vuto linali limodzi lomwelo.

SIKELO N'CHIYANI?

Kumaiko akunja kuli makampani monga Airfix ya ku Britain ndi Tamiya ya ku Japan amene amagulitsa tizidutswa ta pulasitiki m'bokosi. Wogula amatidula, kutimata ndi guluu, kenako n'kupaka penti mpaka patuluke kandege kofanana ndi ndege yeniyeni. Pabokosi amalembapo manambala monga 1:72 kapena 1:48. Tanthauzo la 1:72 ndi lakuti sentimita imodzi pa kandegeko ikuimira masentimita 72 pa ndege yeniyeni. Ku Mitundu kuno mabokosi oterewa ine sindinawaonepo pamsika, koma sikelo siigulidwa. Imangofuna rula ndi mutu basi.

Ife tigwiritsa ntchito 1:50 chifukwa masamu ake ndi ophweka. Mita imodzi ndi masentimita 100, ndipo 100 kugawa ndi 50 ndi 2. Ndiye kuti muyeso uliwonse wa m'mamita muziuchulukitsa ndi 2, yankho lake ndi masentimita. N'chimodzimodzi ndi mapu a 1:50,000 a mu Geography, pamene masentimita 2 amaimira kilomita imodzi.

HELIKOPITA YAKE ITI?

Ndasankha Mi-8, imene inapangidwa ku Soviet Union ndipo inauluka koyamba m'chaka cha 1961. Imanyamula asilikali, katundu ndi odwala, ndipo mpaka lero ikugwira ntchito m'maiko ambiri a mu Africa. Tisamaganize kuti helikopita ya asilikali ndi ya nkhondo yokha ayi. M'mwezi wa Marichi 2023, namondwe wa Freddy atagumula milatho ndi misewu ku Mulanje ndi Phalombe, kumadera ena chakudya chinkafika pa helikopita chifukwa galimoto sizikanatha kudutsa.

Miyeso yake ndi iyi:

Kutalika kwa thupi, kuyambira kumphuno mpaka kumchira: mamita 18.2. Pa sikelo yathu ndi masentimita 36.4.

Kutambasuka kwa mapiko aakulu a pamwamba: mamita 21.3. Kwa ife ndi masentimita 42.6, ndiye kuti phiko lililonse likhale masentimita 21.3 kuchokera pakati.

Kutambasuka kwa mapiko a kumchira: mamita 3.9. Kwa ife ndi masentimita 7.8.

M'lifupi mwa thupi: mamita 2.5. Kwa ife ndi masentimita 5.

Mwaona eti? Mapiko akatambasuka amaposa thupi lonse. Apa ndi pamene ine ndinaphonya.

ZOFUNIKA

Botolo la pulasitiki la 500 ml losanenepa kwambiri, nsungwi youma, sipoko yakale ya njinga, waya wofewa, mphira za chubu, katoni, mapepala akale, chivindikiro cha botolo, patapata wakutha, phala la ufa wa chinangwa lomatira, rula, protractor ndi mpeni.

KAPANGIDWE

1. Jambulani helikopita yonse papepala ndi miyeso ya pamwambayi musanadule kanthu. Chilichonse chimene mwadula muzichiika pa chojambulacho kuti muone ngati chikukwana.

2. Gonekani botolo. Kutako kwake ndiye kutsogolo kumene kumakhala oyendetsa. Kukamwa kwa botolo lowetsani kamtengo ka nsungwi kosongoka kukhala mchira. Botolo ndi mchira pamodzi zikwane masentimita 36.4. Kumapeto kwa mchira mangani kachidutswa kena koloza m'mwamba mopendekera kumbuyo.

3. Mi-8 ili ndi mainjini awiri pamwamba pa thupi. Pindani timapepala tiwiri ngati timapaipi, mutimate moyandikana pamsana pa botolo, chakutsogolo. M'mbali mwa thupi, chakumunsi, matani thanki ya mafuta uku ndi uku.

4. Sengani mapiko asanu a nsungwi, opyapyala ndi olemera mofanana. Pa chivindikiro cha botolo lembani malo asanu ndi protractor. Madigiri 360 kugawa ndi 5 ndi 72, choncho pakati pa phiko ndi linzake pakhale madigiri 72. Mukangoyerekeza ndi maso, mbali imodzi imalemera ndipo mapiko amagwedera pozungulira.

5. Boolani chivindikiro pakatikati, mulowetse sipoko, ndipo sipokoyo ibaye msana wa botolo kumbuyo kwa mainjini mpaka pansi. Yesani kuuzira. Ngati mapiko sakuzungulira, kuzani bowo pang'ono.

6. Kumchira ikani timapiko titatu ta katoni, motalikirana madigiri 120. Pa Mi-8 timakhala kudzanja lamanja la woyendetsa. Pa mng'ono wake, Mi-17, timakhala kumanzere. Anthu odziwa ndege amasiyanitsa ziwirizi poyang'ana pamenepa.

7. Dulani matayala kuchokera ku patapata. Awiri aang'ono akhale pamodzi kutsogolo, awiri okulirapo akhale m'mbali pa miyendo ya waya.

Mwina wina afunsa kuti, nanga timapiko ta kumchira n'tantchito yanji? Injini ikamazunguza mapiko aakulu mbali imodzi, thupi la helikopita limafuna kuzungulira mbali inayo. Timapiko ta kumchira timakankha mphepo cham'mbali kuti thupi lisazungulire. Popanda ito, woyendetsa angachite chizungulire ngati mwana wosewera pabwalo.

KUKONGOLETSA

Penti sagwira bwino pa botolo loterera. Yambani mwamata timapepala ting'onoting'ono ndi phala la chinangwa thupi lonse, koma musiye kutsogolo kuti pulasitiki yoonekera ikhale magalasi. Yanikani tsiku lathunthu pamalo pamene mbewa ndi nkhuku sizifika, chifukwa phala lija zimalikonda. Ikauma jambulani mawindo ozungulira m'mbali ndi chitseko chakumanzere.

Mtundu musankhe nokha. Zambiri za asilikali zimakhala zobiriwira ndi mawangamawanga ofiirira kuti zisaoneke msanga m'tchire. Za United Nations, monga za ku DRC kumene asilikali a Malawi akhala akugwira ntchito yosungitsa mtendere, zimakhala zoyera ndi zilembo zakuda za UN. Ine ndinasankha yoyera chifukwa laimu anatsala kunyumba titapaka khoma. Pomaliza perani khala pang'ono, mupake ndi chala pafupi ndi potulukira utsi wa injini. Helikopita yogwira ntchito siikhala yoyera mbee ngati yunifolomu ya tsiku lotsegulira sukulu.

Mukafuna kuika msilikali wa dongo pambali pake, nayenso alowe m'sikelo. Munthu wa mamita 1.7 akhale masentimita 3.4 okha, wamfupi kuposa kamtengo ka machesi.

CHENJEZO

Posenga nsungwi, mpeni uziloza kutali ndi thupi lanu. Musawotche pulasitiki kuti mumate, utsi wake ndi woipa m'chifuwa. Komanso sipoko ikhale yakutha kale. Musakazule pa njinga ya abambo ili yabwinobwino, ine sindidzakuikirani kumbuyo.

Yachiwiriyi nditaimaliza ndinapita nayonso ku Nathenje. Amalume anaiyang'ana nthawi yaitali, osaseka, kenako anati ndiwasiyire aiike pashelefu. Ndinakana, chifukwa ndikufuna muione kaye inuyo. Ndibwera nayo Lachisanu pa nthawi ya buleki.

Anzanga a Fomu 2, JCE ikubwera ndipo ratio sitingaithawe. Nali funso lokonzekera: helikopita ya ku America yotchedwa UH-1 Huey ili ndi mapiko aakulu awiri otambasuka mamita 14.6. Pa sikelo ya 1:50, mapikowa atambasuke masentimita angati, nanga pakati pawo pakhale madigiri angati? Lembani yankho pakapepala mubwere nalo Lachisanu. Woyamba kukhoza ndimupatsa nsungwi zosengasenga kale.

Wolemba: mnzanu wa mu Fomu 2