WAZITENGA KUTI? PHUNZIRO LOMWE NDINALIPEZA MU LAIBULALE



Lero ndikufuna tikambirane funso lalifupi lomwe linandichititsa manyazi pamaso pa anzanga, koma pano ndimalithokoza.

Munali mu June, nthawi yomwe kuno ku Dedza chisanu chimalowa mpaka m'mafupa, madzi opangira wudhu pa Fajr amachita kuluma zala. Aphunzitsi athu pa koleji anatipatsa asayimenti yoti tilembe za zojambula zakale za m'mapanga a Chongoni. Ine ndinaseka chamumtima. Chongoni? Kwathu konkuno? Ndinagula kabandulo, ndinatola zomwe ndinapeza pa Facebook ndi zina zomwe mnzanga ananditumizira pa WhatsApp, usiku umodzi basi ntchito yatha. Ndinalemba molimba mtima kuti zojambula zonse zija anajambula ndi Akafula kalekale.

Pepala litabwerera, linalibe malikisi. Pambali pa ndime iliyonse panali mawu awiri a cholembera chofiira: Wazitenga kuti? Ndinawerenga kasanu ndi kawiri. Anandipatsa sabata imodzi kuti ndilembenso, apo ayi ndalephera phunzirolo. Ndikaganiza za mbatata ya kachewere yomwe bambo anga anagulitsa kuti apeze fizi, tulo tinandithawa.

Mawa lake ndinalowa mu laibulale ya pa koleji, malo omwe ndinkangopitako kukatchaja foni. Amayi oyang'anira mabuku anandiyang'ana nkuti, "Achimwene, lero mwasochera?" Ndinawafotokozera zonse. Sanandiseke. Anandikhazika pansi, ndipo zomwe anandionetsa ndi zomwe ndikugawana nanu.

1. Mabuku ali ndi manambala, monga nyumba za m'tauni

Ndinkaganiza kuti pofuna buku umangoyenda m'mashelefu mpaka mwayi ukugwere. Ayi. Malaibulale ambiri amasanja mabuku potsata manambala a Dewey. Za mbiri zimakhala pa 900 kupita mtsogolo, ndipo mbiri ya Malawi ili pa 968.97. Mabuku a Chisilamu ali pa 297. Ukadziwa nambala, mphindi ziwiri wafika. Ukatenga buku, usayambe tsamba loyamba ngati nthano. Pita kumapeto, pa mndandanda wa mawu, fufuza "Chongoni", upeza masamba enieni omwe ukufuna.

2. Buku labwino limakuuza komwe lazitenga

Apa ndi pomwe ndinaona kulakwa kwanga. Chongoni ili ndi malo 127 okhala ndi zojambula, ndipo bungwe la UNESCO linaiika pa mndandanda wa malo ofunika pa dziko lonse mu 2006. Koma zojambulazo si za anthu amodzi. Zofiira ndi zomwe amati ndi za Akafula kapena kuti Abatwa, anthu omwe ankadalira ulenje ndi kutola zakudya m'tchire. Zoyera zinajambulidwa ndi Achewa, alimi, ndipo zimakhudzana ndi chinamwali komanso nyau. Zina mwa izo anazijambula m'zaka za m'ma 1900 momwemu. Ndiye ine ndi "zonse ndi za Akafula" yanga ija ndinali kutali ndi choonadi, chonsecho Mphunzi, Namzeze ndi Chencherere ndi malo a m'boma langa lomwe.

Amayi aja anandionetsanso mndandanda wa mabuku womwe umakhala kumapeto. Mmenemo ndinapeza kuti Lindgren ndi Schoffeleers analemba za zojambulazi ndi nyau mu 1978. Buku limodzi linandilozera kwa lina, linalo kwa linanso. Ndinazindikira kuti kafukufuku ndi kulondola mapazi mpaka ukafike komwe nkhani inachokera.

Ndili pomwepo ndinakumbukira ku madrasa. Kodi ustadh sankatiuza za isnad? Imam Bukhari, yemwe anabadwa mu 810 ndi kumwalira mu 870, anatha zaka pafupifupi 16 akusonkhanitsa ndi kusefa ma hadith. Asanalembe, ankafuna adziwe kuti wanena ndani, iyeyo anamva kwa yani, nanga ndi munthu wokhulupirika? Funso la aphunzitsi anga lija silinali lachilendo kwa Msilamu. Ndi funso lathu lomwe, koma ine ndinaliiwala nditagwira foni. Tinene zoona abale, ndi mauthenga angati omwe timatumiza m'magulupu olembedwa kuti "hadith" popanda kufunsa kuti ili m'buku liti?

3. Funsani za mabuku atsopano

Ambirife timaganiza kuti mu laibulale muli mabuku a fumbi okhaokha. Koma oyang'anira mabuku amadziwa zomwe zatuluka, ngakhale zomwe sizinafike pa shelefu yawo. Amayi aja ndi omwe anandiuza za buku la Yusuf Juwayeyi, Mmalawi katswiri wofukula zakale, lotchedwa Archaeology and Oral Tradition in Malawi, lomwe linatuluka mu 2020. Iye anakumba pa Mankhamba, kufupi ndi Mtakataka m'boma lathu lomweli, pomwe panali likulu la ufumu wa Maravi. Anapezapo minyanga ya njovu, zinthu za mkuwa, mikanda ya galasi, ngakhale zidutswa za mbale zochokera ku China. Tangoganizani! Zaka mazana angapo zapitazo, malonda a kutali chonchi ankafika kumunsi kwa mapiri athu ano.

Kwa inu ofuna mbiri ya Asilamu m'dziko muno, funsani buku la Malawi's Muslims lomwe anasonkhanitsa David Bone, lotsindikizidwa ndi a Kachere mu 2000. Liliponso la Yohanna Abdallah, Chiikala cha Wayao, la mu 1919, komanso Mbiri ya Achewa la Samuel Ntara. Ngati pa koleji panu palibe, musagwe ulesi. Lembani dzina la buku ndi wolemba, mukafunse ku National Library Service ku Lilongwe tsiku lomwe mwapita m'tauni. Zikalata zakale za boma zimasungidwa ku National Archives ku Zomba.

4. Foni si mdani, koma isankhireni kopita

Sindikunena kuti titaye intaneti. Bandulo yomweyo yomwe imathera pa TikTok ingathe kukutsegulirani Google Scholar, komwe mumapeza zolemba za akatswiri, kapena African Journals Online, komwe kuli kafukufuku wa anthu a mu Africa muno. Magazini ya Society of Malawi Journal, yomwe inayamba mu 1948 ndi dzina loti Nyasaland Journal, ili ndi nkhani zambiri za mbiri ya dziko lino. Chilichonse chomwe mwapeza, chifunseni mafunso atatu: walemba ndani, analemba liti, nanga iyeyo wazitenga kuti? Chikalephera kuyankha, chisiyeni pomwepo.

5. Buku lobwereka ndi amanah

Mu laibulale muja ndinapeza buku lina lomwe masamba ake anayi anang'ambidwa, ndendende pa mutu womwe ndinkafuna. Wina anaona kuti kukopera nkotopetsa. Zinandiwawa, chifukwa ndinadziwa kuti kunyumba kwanga kulinso buku la kusekondale lomwe sindinabweze. Mu December 2015 laibulale ya Mzuzu University inapsa ndi moto, mabuku zikwizikwi anasanduka phulusa, dziko lonse linadandaula. Koma wong'amba tsamba ndi wosabweza buku akuchita zomwezo, pang'onopang'ono chabe. Lija la kusekondale ndinakabweza, ndi manyazi anga omwe.

Asayimenti ija ndinailembanso. Inali yaifupi kuposa yoyamba, koma chiganizo chilichonse ndinkadziwa kwawo. Alhamdulillah ndinakhoza. Loweruka lotsatira ndinapita ku Mphunzi kukaona ndi maso anga, ndipo ndinatha kusiyanitsa zofiira ndi zoyera popanda wondiuza.

Ntchito ya sabata ino ndi iyi. Pitani ku laibulale yomwe muli nayo pafupi, ya pa sukulu kapena pa koleji, mukapereke moni kwa oyang'anira, muwafunse kuti kwabwera chiyani chatsopano. Ndipo uthenga wotsatira womwe ukufikeni pa foni, musanautumize kwa wina, mufunseni mwiniwakeyo mwaulemu: akhi, ukhti, mwazitenga kuti?

Allah atiwonjezere maphunziro aphindu ndipo atiteteze ku kufalitsa zomwe sitikuzidziwa. Ameen.

Wassalam alaikum warahmatullah.