Mafunso ndi Mayankho: Loya wa Zachipatala Amagwira Ntchito Yanji?

Lero tili ndi makalata awiri ochokera ku Nguboyenja mumzinda wa Bulawayo, ndipo ndiwayankha pamodzi poti muzu wake ndi umodzi. Yoyamba ndi ya amayi ena amene akuti mchemwali wawo anabwezedwa usiku pachipatala china akutaya magazi, ati chifukwa analibe chitupa ndi ndalama. Akufunsa kuti, "Ife ana a anthu ochokera ku Malawi, tili nako kodandaulira?" Yachiwiri ndi ya bambo amene akuti loya wa nkhani zachipatala amangofuna kudyera madokotala, ndipo kupita kwa iye n'kudzidanitsa ndi anthu amene mawa tidzawafunanso.

Amayi, kodandaulira muli nako. Malamulo oyendetsera dziko la Zimbabwe a 2013, m'gawo 76, akuti nzika ndiponso aliyense wokhala muno mokhazikika ali ndi ufulu wolandira thandizo lofunikira la chipatala. Likafika pa matenda adzidzidzi, gawo lomwelo silitchulanso za unzika. Likuti munthu wina aliyense asakanizidwe thandizo pachipatala china chilichonse. Wotaya magazi amathandizidwa kaye, za chitupa zimabwera pambuyo. Komanso gawo 43 likuti amene anabadwira muno malamulowa asanakhazikitsidwe, kholo lake lili nzika ya dziko la SADC monga Malawi, Zambia kapena Mozambique, ndipo iye ankakhala muno pa nthawiyo, ndi nzika mwa kubadwa. Ambiri akuyendabe ndi mantha a zitupa zakale zija zowatcha alendo, chikhalirecho lamulo linasintha.

Tsopano bambo, maganizo anu ndawamva, koma ntchito yaikulu ya loya ameneyu sichitikira m'khoti. Lamulo la Health Professions Act linaika mabungwe oyang'anira ogwira ntchito zaumoyo. Madokotala amalembetsa ku Medical and Dental Practitioners Council of Zimbabwe, anamwino ku Nurses Council of Zimbabwe, ndipo zipatala zimayenderedwa ndi Health Professions Authority. Mankhwala ali ndi bungwe lake, Medicines Control Authority of Zimbabwe. Loya wodziwa malamulo amenewa amathandiza chipatala kupeza chiphaso, kukonza mapepala amene wodwala amasaina asanachitidwe opaleshoni, ndi kusunga chinsinsi cha odwala. Dokotala akaitanidwa kukayankha mlandu kubungwe lake, womuimira amakhala loya wa mtundu womwewu. Tsono kumutcha mdani wa madokotala n'kumuweruza mwa theka. Wodandaula akabwera, chimene loya amayamba kuona n'chakuti nkhaniyi ikagogode khomo liti. Bungwe likhoza kudzudzula, kuimitsa kapena kuchotsa munthu m'kaundula, koma chipukuta misozi chimalamulidwa ndi khoti. Ndipo khoti silipereka ndalama chifukwa choti wodwala wamwalira basi. Pamafunika umboni, kawirikawiri wa dokotala wina, wakuti zimene zinachitikazo dokotala wosamala sakanachita, ndipo kuti n'zimene zinabweretsa vutolo. Loya wachilungamo amabweza anthu ambiri powauza kuti chisoni chilipo koma mlandu palibe.

Wina anena kuti m'mabungwe amenewa madokotala amaweruza anzawo, ndiye amabisirana. Nkhawayo ndi yomveka, ndipo n'chifukwa chake dandaulo liyenera kukhala lolembedwa, lokhala ndi tsiku, nthawi ndi mboni, loti munthu sangalikankhire pansi pa tebulo. Winanso ati, nanga poti zipatala zikuluzikulu monga Mpilo, pafupi pomwepo ndi kwanuko, zimathandiza anthu a zigawo zingapo pomwe ndalama za boma n'zoperewera, tingaimbe bwanji mlandu namwino wotopa? N'zoona, ndipo gawo 76 lomwelo likuvomereza kuti boma lichite molingana ndi chuma chimene lili nacho. Koma kusowa kwa mankhwala ndi kunyalanyaza munthu ndi zinthu ziwiri zosiyana, ndipo kuzisiyanitsa ndiyo ntchito ya loya. Mu 2014 Supreme Court inagamula mlandu wa mayi wina amene anagwiriridwa ndi achifwamba mu 2006. Apolisi ndi dokotala anamuzengereza mpaka maola 72 olandirira mankhwala oletsa kutenga pathupi anatha. Khoti linati nduna ya zam'dziko ndi ya zaumoyo ziyankhe chifukwa cha kunyalanyaza kwa antchito awo, ngakhale linakana pempho la ndalama zolerera mwana. Chigamulocho chinatuluka patapita zaka 8, umboni wakuti njira ya khoti ndi yaitali ndipo si yoyambira.

Chimene chimagwetsa milandu yambiri ndi kuchedwa. Mlandu wofuna chipukuta misozi umatha mphamvu pakapita zaka 3, ndipo wofuna kusumira boma ayenera kuyamba walidziwitsa mwa kalata masiku 60 asanapite kukhoti. Choncho amayi, sungani khadi la kuchipatala ndi malisiti onse, lembani zimene zinachitika usikuwo mukuzikumbukira bwino, ndipo mulembere kalata mkulu wa chipatalacho, ina musunge. Ngati ndalama ya loya palibe, pitani ku Legal Aid Directorate kapena ku Legal Resources Foundation mu Bulawayo momwemo, ndipo mupite mwezi uno usanathe.