Phunziro: Chakale Chingatitumikirenso

Abale ndi alongo, chilala cha 2024 chinawotcha chimanga chathu kuno ku Chalimbana monga chinachitira cha 1992. Ndalama zochepa zimene tili nazo tisungire mbewu ndi ufa. Ziwiya zina tingapange tokha.

1. Thumba la ufa: Tilichape, tipinde kukamwa kwake, tisokerepo zogwirira za chitenje chakale. Tapeza chonyamulira katundu ku msika wa Chongwe. Mapulasitiki otayidwa amapha mbuzi ndi ng'ombe zikawameza.

2. Chigubu cha mafuta ophikira: Tiboole kabowo cha kumtunda ndi msomali wotentha, tichipachike pafupi ndi chimbudzi. Tikachipendeketsa, madzi osamba m'manja amatuluka pang'onopang'ono, osatayika. Chigubu cha mankhwala a m'munda, ayi! Poizoni wake sachoka.

3. Dengu: Tiyalemo nsanza ndi udzu wouma. Nyemba zoviika usiku ziwire mphindi 30, kenaka tiike mphika m'dengu, tifunditse bwino. Pakatha maola anayi zapsa, makala apulumuka, mitengo ya m'mbali mwa mtsinje wa Chalimbana yatsala.

Tikambirane: Kodi ndani mu mpingo mwathu angaphunzitse anzake kusoka sabata ino?