Zenera Likamachita Thukuta M'mawa

MUULUTSI: Mvumbi wa sabata ino watsekereza anthu m'nyumba, ndipo makalata amene tatola akudandaula za chinyezi okhaokha. Alangizi athu a zaumoyo akhala kale pampando. Bambo, ndiyambe ndi iyi ya mayi a ku Nsaru. Akuti: "Tinamanga nyumba ya malata ndi ndalama za fodya, mawindo ake a zitsulo ndi magalasi. M'mawa uliwonse galasi limakhala lonyowa cham'kati, m'makona mwamera timadontho takuda, katani nayo yathimbirira. Apongozi anga akuti ndine wauve. Ndimapukuta tsiku ndi tsiku koma sizikutha."

MLANGIZI: Amayi, apongoziwo mukawauze mwaulemu kuti mlandu umenewu si wanu. Imeneyo ndi nkhungu, ena amati nguwi. Njere zake sizioneka ndi maso, ndipo zili mumpweya wa nyumba iliyonse, ya aukhondo ndi ya auve yomwe. Zimangodikira madzi basi. Malo akakhala onyowa masiku awiri, zamera.

Nanga madziwo akuchokera kuti poti denga silikudontha? Kumbukirani botolo la Fanta lotuluka mufiriji pagolosale. Mukaliika patebulo limachita thukuta, chonsecho silinabooke. Ndi chinyezi cha mumpweya chimene chakumana ndi chinthu chozizira n'kusanduka madzi. Munthu mmodzi akagona usiku wonse, mpweya wopuma ndi thukuta lake zimakwana pafupifupi kapu imodzi ya madzi. Werengani anthu a m'nyumba mwanu. Onjezani matewera ndi mayunifolomu amene mwayanika pachingwe pabalaza chifukwa cha mvula, ndi mphika wa nyemba umene ukubwatira m'nyumba momwemo. Kuno ku Lilongwe tili pamtunda, mamita opitirira 1,000, ndiye mbandakucha kumazizira ngakhale mu February, nanji mu June ndi July. Choyamba kuzizira ndi galasi ndi felemu yachitsulo, n'chifukwa chake madzi onse aja amakasonkhana pamenepo.

Nyumba ya udzu ya agogo ija inali ndi mavuto ake, koma inkapuma, mpweya unkatulukira m'denga. Ya malata ndi simenti imapumira m'timabowo tija amisiri amasiya pamwamba pa zenera. Sindinafike kwanu, amayi, koma ndikhoza kulumbira kuti timabowo timeneti munatitseka ndi nsanza pothawa udzudzu.

MUULUTSI: Aa, pamenepo mwandigwira ndi ine ndemwe, bambo. Kwathu ndinatsekamo masokosi akale.

MLANGIZI: Mukachotse masokosiwo, achimwene, mukakhomepo kachidutswa ka neti. Udzudzu sulowa, mpweya umadutsa. Tsono amayi, poyeretsa musakhule pouma, chifukwa njere zija zimauluka n'kukathera m'chifuwa mwanu. Tsegulani zenera, mangani kansalu kumphuno, tsukani ndi sopo ndi kansanza konyowa. Kenako sakanizani kapu imodzi ya Jik ndi makapu 10 a madzi, pakani, dikirani mphindi 10, pukutani mpaka gwaa. Kataniyo ichapidwe, iume padzuwa, ndipo masana muziikokera pambali. Koma mankhwala enieni ndi a ulere: mukangodzuka, pukutani galasi ndi nsalu youma, mutsegule mazenera awiri oyang'anizana pamene mukusesa ndi kuphika phala.

MUULUTSI: Pa Jik pomwepo, bambo wina wa kwa Kabudula akufunsa ngati angathiremo viniga kuti mankhwala achite mphamvu.

MLANGIZI: Ayi, bambo anga, chonde musayerekeze! Jik akakumana ndi viniga amatulutsa mpweya wa poizoni wowotcha maso ndi mapapo. Chimodzimodzi ndi mankhwala otsukira m'chimbudzi. Sankhani chimodzi.

MUULUTSI: Ina iyi ndi ya mnyamata wa pa Namitete. Felemu zake ndi zamatabwa. Anaona zikuda, anagula penti n'kupaka, koma usanathe mwezi pentiyo yatupa n'kuyamba kusupuka.

MLANGIZI: Ameneyo waveka chilonda malaya atsopano. Thabwa limamwa madzi, ndipo nkhungu imalowerera m'kati, ndiye penti yapamwamba yangotsekera chinyezi. Achimwene, dikirani mvula ikate. Mupale penti yonseyo, mukweche ndi sandipepa, thabwa liume milungu ingapo, kenako mupake. Mukabaya ndi msomali n'kumalowa ngati mu mbatata yophika, lawola limenelo, lichotseni. Komanso tulukani panja mvula ikugwa muone. Kakhoma kapansi pa zenera kamayenera kupendekera kunja. Ndaona nyumba zambiri kali kosalala ngati tebulo, madzi n'kumakhazikika pa felemu. Inu a pa Namitete simungasowe mmisiri, sukulu ya ntchito zamanja muli nayo pakhomo ndipo akalipentala ndi osayamba. Muwafunse chinthu chimodzi musanalipire: thabwali linauma?

MUULUTSI: Yomaliza yandikhudza. Agogo a ku Nambuma alembetsa kwa mdzukulu wawo. Akuti chipinda chimene amagona ndi adzukulu atatu ndi momwenso amasunga matumba a chimanga ndi mtedza wambewu, poopa akuba. Zenera anakhomerera, silitseguka. Khoma la kuseri kwa matumba lada bii, ndipo mwana wamng'ono akutsokomola usiku, nthawi zina kupuma kwake kumalira ngati kamluzu.

MLANGIZI: Agogo, ndayamba ndi mwanayo. Mupite naye kuchipatala, cha pa Nambuma pomwepo kapena cha Kabudula, musadikire Lolemba. Kulira kwa m'chifuwa koteroko kumatha kukhala mphumu, ndipo bungwe la zaumoyo la WHO linalemba kale mu 2009 kuti nyumba zachinyezi ndi zankhungu zimawonjezera chifuwa ndi mphumu. Chifuwacho ngati chapitirira milungu iwiri, muwauze adokotala kuti ayezenso TB. Tsiku loyeretsa khomalo, mwanayo akasewere kwa anzake.

Za akuba sindikutsutsani. Nkhokwe zapanja zinatha m'midzi yambiri chifukwa cha anthu omwewa, ndipo palibe amene angakuuzeni kuti mugone chimanga chili pabwalo. Koma thumba lotsamira khoma limatseka mpweya, khoma limanyowa, thumba nalo limayamwa. Ikani mitengo kapena njerwa ndi matabwa pansi, matumba akwere, ndipo pakati pa thumba ndi khoma pazidutsa mkono. Zeneralo likhomoledwe, aikemo zitsulo zotchinga akuba, lizitseguka masana.

Tsono mumasule thumba limodzi la pansi penipeni, mupise dzanja m'kati. Mukamva kufunda, kapena fungo la m'phanga, kapena muone njere zobiriwira ngati zawazidwa ufa, chimenecho ndi chuku. Cha pakhoma chimavutitsa chifuwa, koma cha pa mtedza ndi chimanga chimatha kukhala ndi poizoni wotchedwa aflatoxin, amene amawononga chiwindi ndipo satha ngakhale mukazinge kapena muphike. Ku Kenya mu 2004 anthu 125 anamwalira atadya chimanga chotere. Akatswiri a pa Chitedze, pamsewu wa Mchinji apa, akhala zaka zambiri akulimbana ndi chuku cha mtedza. Chimene chimandipweteka mtima ndi ichi: mtedza wabwino timapita nawo kwa mavenda, wosankhidwa uja, wonyala ndi wowawa, ndi umene timasinja nsinjiro n'kuthira m'phala la mwana. Umenewo ukwirireni. Nkhuku ndi nkhumba nazo musazipatse.

MUULUTSI: Mdzukulu wawonjezera pansi pa kalata kuti kukazizira agogo amalowetsa mbaula kuti chipinda chiume.

MLANGIZI: Iii, mwachita bwino kuwerenga pamenepo. Agogo, makala oyaka m'chipinda chotseka amatulutsa mpweya wopanda fungo umene umapha anthu ali m'tulo, ndipo zenera lanu n'lokhomerera. Mbaulayo itsale pakhonde kuyambira usiku uno. Iwe mdzukulu, ngati ukumvera, tenga hamala ukazule misomali ya pazenerapo dzuwa lisanalowe.