Dziwani Ufulu Wanu: Voti Ndi Yanu

Pa 14 June 1993 Amalawi anasankha ulamuliro wa zipani zambiri, ndipo pa 17 May 1994 anavota pachisankho choyamba chotsatira chiganizocho. Lero ufulu wovota uli m'Malamulo Oyendetsera Dziko, m'ndime 40 ndi 77.

Ndani angavote? Mmalawi aliyense amene wakwanitsa zaka 18, komanso mlendo amene wakhala m'dziko muno zaka 7. Mumalembetsa ku Malawi Electoral Commission m'dera lomwe mumakhala, munabadwira, mumagwirako ntchito kapena mumachitako malonda. Polembetsa tengani chiphaso chaunzika.

Voti ndi yachinsinsi. Mfumu, abwana, abusa ngakhale amuna kapena akazi anu alibe mphamvu yokuuzani woti mumusankhe, kapena kukukakamizani kuulula amene mwamuvotera. Ngati muli ndi ulumali, mungathe kuthandizidwa poponya voti. Kugula mavoti ndi ndalama kapena mphatso ndi mlandu.

Mulinso ndi ufulu wolowa chipani chilichonse, kuyenda paliponse m'dziko muno ndi kusonkhana mwamtendere. Ndime 44 imalola kuchepetsa ufulu pokhapokha ngati pali lamulo lotero, chifukwa chake n'chomveka, ndipo n'zofunikadi m'dziko la demokalase.

Zikalakwika, khoti lilipo. Pa 3 February 2020 khoti linathetsa chisankho cha pulezidenti cha 2019, ndipo anthu anavotanso pa 23 June 2020.

Wina akakuopsezani kapena kukuletsani kuvota, kanene kwa akuluakulu oyendetsa chisankho, kupolisi kapena ku Malawi Human Rights Commission.