Mphepo Ndi Imodzi, Nyumba N'zosiyana: Khutba ya Jumu'ah pa za Masoka a Chilengedwe

Kutamandidwa konse ndi kwa Allah, Mwini thambo ndi nthaka, amene amayendetsa mitambo ndi kutsitsa mvula pa muyeso umene Iye wafuna. Tikuikira umboni kuti palibe wina woyenera kupembedzedwa koma Iye yekha, ndi kuti Muhammad ndi kapolo Wake ndiponso Mtumiki Wake. Madalitso ndi mtendere wa Allah zikhale pa iye, pa banja lake ndi pa maswahaba ake onse.

Abale ndi alongo anga m'Chisilamu, ndikudzilangiza ndekha ndi kukulangizani inu kuti timuope Allah poyera ndi mseri momwe.

Dzinja layandikira. Kuyambira mwezi wa Novembala mpaka Epulo ndiyo nyengo imene anamondwe amabadwa pa nyanja ya mchere, ndipo dziko lathu la Mozambique lili pa njira yawo. Tonse tikukumbukira usiku wa pa 14 Malichi 2019, pamene namondwe wa Idai anagwera mzinda wa Beira. Mitsinje ya Búzi ndi Púnguè inasefukira, anthu anakhala masiku angapo pa madenga ndi m'mitengo, ndipo oposa 600 anamwalira m'dziko lathu lokha. Patangodutsa masabata 6, Kenneth anawomba ku Cabo Delgado. Mu Januwale 2022 namondwe wa Ana anadzaza mtsinje wa Revúbuè mpaka mlatho unaduka ku Tete. Mu Malichi 2023 Freddy analowera ku Quelimane n'kupitirira kwa abale athu a ku Malawi, kumene matope ndi miyala zinatsetsereka kuchoka m'phiri la Soche n'kukwirira nyumba ku Chilobwe.

Nthawi zonse zoterezi zikachitika, pamamveka mawu amene ndikufuna tiwaunike lero. Ena amati anthu a kumeneko alangidwa chifukwa cha machimo awo. Ena amati ndi Qadar, palibe chimene munthu akanachita. Mawu onse awiriwa amaoneka ngati a chikhulupiriro, koma onse amamupatsa munthu mpata wopinda manja.

Tiyambe ndi chiyambi cha masokawa. Allah anaika malamulo m'chilengedwe Chake, ndipo kuwaphunzira ndi mbali ya kumudziwa Iye. Madzi a pamwamba pa nyanja akatentha kufika madigiri 26 kapena kuposerapo, nthunzi yambiri imakwera kumwamba, mphepo imayamba kuzungulira, ndipo namondwe amakula ndi kudya kutentha komweko. Nyanja ya pakati pa ife ndi chilumba cha Madagascar ndi yofunda, ndipo gombe lathu ndi lalitali makilomita oposa 2,400. Kuwonjezera apo, mitsinje ikuluikulu monga Zambezi, Limpopo, Save ndi Púnguè imachokera m'maiko oyandikana nafe n'kudzathira m'nyanja kudzera kwathu. Mvula ikagwa kumtunda, ife a kumunsi ndife timalandira madzi ake, monga zinachitikira ku Chókwè ndi Xai-Xai m'chaka cha 2000.

Koma pali gawo lina limene manja a anthu alowapo. Qur'an yolemekezeka, m'Surat Ar-Rum, imatiphunzitsa kuti chisokonezo cha pamtunda ndi panyanja chimadza chifukwa cha zimene anthu achita. Utsi wa malasha ndi mafuta amene maiko olemera akhala akuwotcha kwa zaka zambiri watenthetsa dziko ndi nyanja, pamene ife amene tathirako utsi wochepa ndife tikulandira mvula ya ukali. Nafenso tili ndi mlandu wathu. Tadula mitengo ya m'mapiri kuwotcha makala, talima mpaka m'mphepete mwenimweni mwa mtsinje, tatseka ngalande ndi zinyalala. Phiri likakhala lopanda mitengo, madzi satsika pang'onopang'ono m'nthaka. Amathamanga pamwamba atanyamula dothi ndi miyala.

Tsopano taonani mmene tsoka limodzi limagwera anthu awiri mosiyana. Ndikupatsani chitsanzo cha kutali kuti nkhani imveke bwino. M'chaka cha 2010 kunachitika zivomezi ziwiri zikuluzikulu ku maiko a ku America. Pa 12 Januwale chivomezi cha mphamvu ya 7.0 chinagwedeza dziko losauka la Haiti, ndipo anthu oposa 100,000 anafa. Pa 27 Febuluwale chivomezi cha mphamvu ya 8.8, chachikulu koposa, chinagwedeza dziko la Chile, ndipo anafa anthu pafupifupi 500. Kodi anthu a ku Haiti anali ochimwa kuposa a ku Chile? Ayi ndithu. Ku Chile kunali malamulo a kamangidwe ka nyumba ndipo ankatsatidwa. Ku Haiti anthu anali atathithikana m'nyumba zofooka chifukwa cha umphawi.

Zomwezo taziona ndi maso athu. Ku Beira mphepo inali imodzi, koma nyumba za simenti zambiri zinangosasuka denga, pamene tinyumba ta asodzi a ku Praia Nova tinaphwasukiratu. Wolemera amamanga pa malo okwera, ndi njerwa zowotcha ndi zitsulo. Wosauka amamanga pamene palibe akulimbirana, kudambo kapena m'munsi mwa phiri, ndi zidina ndi udzu. Chenjezo likamveka pa wailesi, wolemera amakweza banja lake m'galimoto. Wosauka amaganiza za mbuzi zake ziwiri ndi thumba la chimanga, n'kunena kuti ndidikire kuche.

Madzi akaphwa ndi pamene kusiyana kumaonekera kwenikweni. Wolemera ali ndi ndalama ku banki, ndipo pakatha mwezi wakhoma malata atsopano. Wosauka chuma chake chonse chinali m'munda ndi m'nkhokwe, ndipo zonse zapita tsiku limodzi. Amamwa madzi a pachitsime chimene chasakanikirana ndi zimbudzi, ndipo kolera imamupeza, monga inachitira ku Beira mu 2019 ndi ku Quelimane mu 2023. Amagulitsa njinga, amatenga ngongole ya katapila, mwana wamkazi amasiya sukulu n'kukwatiwa msanga. Kwa wolemera namondwe amatha m'masabata. Kwa wosauka amakhala m'nyumba zaka.

Choncho tisamale lilime lathu. Mtumiki (SAW), m'hadith imene anailandira Bukhari ndi Muslim, anawerengera m'gulu la ma shahid munthu womira m'madzi, wogweredwa ndi nyumba, ndi womwalira ndi matenda a m'mimba. Awa ndiwo anthu amene timawaika m'manda pambuyo pa namondwe. Ife ndife yani kuti tiwatche olangidwa anthu amene Mtumiki anawapatsa ulemu wotere? Tsoka ndi mayeso, ndipo amene sanagwetsedwe nyumba akuyesedwa chimodzimodzi ndi amene wagona pa sukulu. Mmodzi akuyesedwa ndi kupirira, winayo akuyesedwa ndi zimene zatsala m'manja mwake.

Ndanena mawu angawa, ndipo ndikupempha chikhululuko kwa Allah pa ine ndi pa inu.

KHUTBA YACHIWIRI

Alhamdulillah. Madalitso ndi mtendere zikhale pa Mtumiki wa Allah.

Abale anga, kukhulupirira Qadar sikuchotsa udindo wokonzekera. Mneneri Yusuf (AS) atadziwa kuti kukubwera zaka 7 za chilala pambuyo pa zaka 7 za zokolola zambiri, analangiza kuti mbewu zisungidwe m'ngala zake, ndipo anapempha kuti amuike woyang'anira nkhokwe za dziko la Iguputo. Mneneri Nuh (AS) anakhoma chombo mvula isanayambe, anthu akumuseka. Ndipo munthu atamufunsa Mtumiki (SAW) ngati amange ngamila yake kapena aisiye n'kudalira Allah, analamulidwa kuimanga kaye, kenako n'kudalira.

Za udindo wa amene ali nazo, tiphunzire kwa Khalifa Umar ibn al-Khattab (RA). M'chaka cha 18 cha Hijra chilala choopsa chinagwa ku Hijaz, ndipo anthu a m'midzi anakhamukira ku Madina ndi njala. Umar analeka kudya nyama ndi mafuta a mkaka mpaka anthu ake atakhuta. Analembera nduna zake, ndipo Amr ibn al-As anatumiza chakudya. Anatsogoleranso anthu kukapempha mvula. Dua ndi ntchito zinayendera limodzi.

Nanga ife tichite chiyani dzinja lino? Timvere machenjezo a INAM ndi INGD pa wailesi, ndipo akati tisamuke, tisamuke usana kusanade. Amene mwamva uthenga, kauzeni nkhalamba ndi amasiye a m'dera lanu amene alibe wailesi kapena foni. Timange madenga athu ndi waya, titsegule ngalande, tibzale mitengo m'mphepete mwa mitsinje. Madzi akumwa tiwiritse kapena tithiremo Certeza. Mzikiti uno ukhale ndi mndandanda wa mabanja amene akukhala pa malo oopsa, kuti tsikulo likafika tidziwe khomo loyamba kugogoda.

Inu amalonda, Allah akuonani pa tsiku limene malata, misomali ndi ufa zimasowa. Kubisa katundu kuti mtengo ukwere ndi tchimo limene Mtumiki analiletsa, ndipo katapila ndi riba, ngakhale mutamutcha chithandizo. Inu amene chuma chanu chakwana nisab, 2.5 pa 100 iliyonse ndi gawo la osauka, si mphatso yanu. Lingalirani kuti Zakaat imene yathandiza wamasiye kumanga khoma lolimba mu Okutobala ingapulumutse moyo umene thumba la mpunga la mu Malichi silingaubweze. Ndipo pothandiza ndi sadaka tisafunse chipembedzo cha munthu, pakuti madzi sanamufunse, ndipo mnansi ali ndi ufulu wake pa ife kaya ndi Msilamu kapena ayi. Inu amene mudzapatsidwa udindo wogawa thandizo, dziwani kuti ndi amana. Dzina la m'bale wanu lisalembedwe pamalo pa dzina la wovutika.

E Allah, tipatseni mvula ya chifundo, yopatsa moyo, yosawononga. Achitireni chisoni abale athu amene anamira ndi amene anagweredwa ndi makoma. Limbitsani mitima ya amasiye, fewetsani mitima ya olemera, ndipo tipatseni nzeru zokonzekera nthawi ikadalipo. Tetezani dziko lathu la Mozambique ndi maiko oyandikana nalo. Amin.

Imirirani tiswali, Allah akuchitireni chifundo.