Mlandu umawola, musaugonere

Kwathu timati mlandu suwola. Inu amene mukugwira ntchito ku Joni, mawu amenewa musawadalire, chifukwa Sizwe Myathaza, dalaivala wa mabasi a Metrobus mumzinda wa Johannesburg, wake unatsala pang'ono kumuwolera m'manja atapambana kale.

Anamuimitsa ntchito mu 2007 pamodzi ndi madalaivala anzake, powaganizira kuti ankalandira ndalama kwa okwera osapereka matikiti. Ena anavomera kulakwa n'kubwerera pantchito. Iye anakana, ndipo mapeto ake anamuchotsa. Anakadandaula, ndipo mu Seputembala 2009 chigamulo chinatuluka chakuti abwezeretsedwe pantchito. Kampani inathamangira ku Labour Court kukapempha kuti chigamulocho chiunikidwenso. Myathaza atapita kuntchito anamubweza. Kenaka kunangoti zii.

Mvetserani bwino apa. Kampani ija inapereka pempho lake n'kulisiya chigonere. Myathaza anadikira. Chaka chinatha, china chinabwera, mpaka 2013 pamene anapita kukhoti kuti likakamize kampani kutsatira chigamulo. Khoti linamuuza kuti wachedwa: chigamulo chotere chili ngati ngongole, ndipo malinga ndi lamulo la Prescription Act la 1969, ngongole imafa pakatha zaka zitatu. Khoti la apilo linagwirizana nazo. Anamupulumutsa ndi Constitutional Court mu Disembala 2016, patatha zaka 9 chimuimitsireni ntchito.

Wolakwa wamkulu anali kampani, zimenezo sitikukana. Koma amene anakhala wopanda malipiro zaka zonsezo ndani? Bwana akachedwetsa mlandu saluza kanthu, mabasi ake amayendabe. Amene amasowa ya lendi ndi ya fizi ya ana ndinu. Nanga inu, mlandu wanu ungakafike kukhoti lalikulu chonchija? Ambiri amatopa panjira, n'kukwera basi yobwerera kumudzi chimanjamanja.

Zizindikiro zimaoneka msanga, vuto timazinyalanyaza. Bwana akuti nkhani ili kwa maloya ake, koma tsiku la kukhoti sakutchula. Miyezi ikudutsa popanda kalata iliyonse. Wokuimirirani wa ku yuniyoni wayamba kusayankha foni. Nambala ya mlandu wanu mukuidziwa? Fayilo yanu munaiona liti komaliza? Choopsa kwambiri n'chakuti wina abwere n'kukuuzani kuti mumupatse kangachepe kuti akankhe nkhani yanu. Ameneyo ndi wakuba.

Ambiri amakhala chete poopa kuti kudandaula kumafuna ndalama. Ku CCMA, bungwe lomva madandaulo a zantchito, kukatula dandaulo lakuti akuchotsani ntchito mopanda chilungamo sikulipiritsa, ndipo simufunika loya kuti mulembe fomu. Chofunika n'kupita pasanathe masiku 30 chikuchotsereni ntchito. Wosowa ndalama ya loya atha kukapempha thandizo ku Legal Aid South Africa. Ngakhale amene mapepala ake sali bwino asadzitsekere khomo yekha: mu 2008, pa mlandu wa Discovery Health, Labour Court inagamula kuti mlendo wopanda chilolezo chogwirira ntchito ndi wantchito ndithu, ndipo CCMA ingamve dandaulo lake.

Kuyambira Januwale 2015 lamulo linasintha pofuna kutseka dzenje limene Myathaza anagweramo. Bwana amene wapempha kuti chigamulo chiunikidwenso ayenera kupempha tsiku la mlandu pasanathe miyezi 6. Ngati akufuna kuti chigamulo chokubwezeretsani pantchito chiyambe chaima, ayenera kuika chikole cha malipiro anu a miyezi 24, pokhapokha khoti litalamula mwina. Pempho lakelo limaimitsanso kuwerenga kwa zaka zitatu zija. Zonsezi n'zabwino, koma lamulo silidziyendetsa lokha. Bwana akagonera pempho lake, ndinu amene muyenera kukapempha khoti kuti lilitaye.

Nanunso a kumudzi musaone ngati za kutali. Lamulo la ku Malawi la Employment Act la 2000 limakupatsani miyezi itatu yokha yokadandaula kwa ofesala wa zantchito wa m'boma lanu mukachotsedwa mopanda chilungamo.

Ngati muli ndi chigamulo chimene mwachisunga m'chikwama ndipo bwana akungokuuzani kuti mudikire, musadikirenso. Tengani pepalalo sabata ino, mupite nalo kumene linachokera, mukafunse kuti mlandu wanu uli pati ndipo chotsatira n'chiyani.